Zala za Sajeni Jairus

Bwana Mkubwa, Ndola
20 Sepitembala 2023

Okondedwa Amalume a Hector,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pomwe muli ndi zochita zambiri. Ndikanaimba foni, koma mukudziwa kuti ine pafoni mawu amandithawa, ndimangoti inde, inde, ngakhale pomwe ndimafuna kufunsa. Ndiye ndalemba, ndipo ndapatsira ba Caleb amene amayendetsa lole ya kufakitale kwathu kupita ku Kitwe Lachinayi lililonse.

Muli bwanji kumeneko ku Parklands, inu ndi azakhali? Kuno tili bwino, kupatula maso a amayi amene akunka nachita chifunga.

Ntchito munandipatsa ija ndaigwira. Bokosi lachitsulo la agogo a Jairus ndinalitulutsa pansi pa bedi la amayi Loweruka. Loko inali itachita dzimbiri, ndiye ndinadonthezamo mafuta a makina osokera mpaka inatseguka, sindinathyole. Mkatimo muli mamendulo anayi okulungidwa m'sokosi, lamba, buku la nyimbo, ndi kabuku kausilikali kofiirira kamene mumanena kaja.

Nambala ya usilikali imene asuweni anga a Gwen akuifuna ku Mangalande, kuti akafufuzire m'mabuku akale a nkhondo, ndaikopera pa pepala lapadera. Ndaiwerenga katatu. Zoti zilembedwe pa mwala wa chiliza ndakoperanso monga zilili m'kabukumo: Sajeni Jairus Mtambalika, wobadwa 1921 ku Mvera, wa gulu lankhondo la Keyala, anamenya nkhondo ku Burma, anatuluka usilikali ku Zomba 1945. Chaka chimene anatisiya, 1999, mukuchidziwa kale.

Koma pali kanthu kamodzi, mwina n'kachabechabe. Masamba a kabukuka ali ndi manambala m'munsi. Powerenga ndapeza kuti ukachoka pa 7 ukufika pa 10. Poyamba ndinkayesa kuti tsamba linang'ambika, koma nditagwira ndamva kuti pepala la pamenepo n'lochindikala kuposa anzake. M'mphepete mwake muli zoyerayera zouma, ngati phala la ufa. Ndiye kuti masamba awiri anamatidwa pamodzi, ndipo anamata bwino ndithu, ngodya ndi ngodya.

Kuntchito kwathu tikamata lebulo molakwika pa katoni ya sopo timaimatula ndi nthunzi, osang'amba. Ndingathe kutero ndi ketulo. Koma kabukuka si kanga, n'chifukwa chake ndati ndiyambe ndafunsa inu. Mukakana ndikasiya momwemo.

Amayi akupereka moni.

Ndine mwana wanu,
Pilira

Parklands, Kitwe
28 Sepitembala 2023

Wokondedwa Pilira,

Kalata yako ndinalandira sabata yatha. Tili bwino tonse, Ambuye akutisunga. Walemba mwaukhondo. Ine ndagwira ukalaliki pa mgodi zaka 31, ndipo ndaona a madigiri amene sangalembe nambala molondola ngati iwe wa Giredi 7.

Tsono mvera dongosolo, ukawerengerenso mlongo wanga Annet, mokweza.

Choyamba, chiliza tivundukula Loweruka pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira asilikali, 10 koloko m'mawa. Abusa avomera. Kwaya ya amayi ibwera pa basi kuchokera kuno. Gulu la asilikali opuma lalonjeza kutumiza woliza lipenga. Ine ndiwerenga mbiri ya bambo, ndalemba kale masamba asanu ndi limodzi.

Chachiwiri, mawu a pa mwala ndapereka kwa mmisiri, ba Isaac a ku Ndola konko. Ayamba kusema Lolemba.

Chachitatu, za masamba omatikawo. Mabuku akale amagwirana okha ndi chinyezi, palibe chodabwitsa. Koma Gwen akuti chilichonse cholembedwa chimuthandiza pa kafukufuku wake, ndiye matula, koma mosamala. Mwina m'menemo ndi momwe analemba za kuwoloka mtsinje wa Chindwin. Iwe sunawamve bambo akusimba zimenezo. Nkhani zawo za ku Burma zinali zitatu zokha, ya mtsinje, ya misundu, ndi ya bulu amene anakana kukwera phiri, koma ankazisimba mawu ake omwewo chaka ndi chaka, osasintha ngakhale limodzi. Ndiwo usilikali umenewo, mwanawe.

Ndaona kuti watchula maso a amayi ako. Ndamva chimene ukutanthauza, usachite manyazi. Mu emvulopumu ndaikamo kangachepe ka mankhwala.

Amalume ako,
H. J. Mtambalika

Bwana Mkubwa, Ndola
4 Okutobala 2023

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino. Zikomo chifukwa cha zimene munaika mu emvulopu, ngakhale ine sindimapempha, ndimangokuuzani za maso.

Amalume, sindikudziwa poyambira. Kalatayi ndaiyamba kanayi.

Masamba aja ndinamatula Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinawiritsa ketulo, ndinagwira kabukuko patali ndi nthunzi, n'kumalowetsa nsonga ya mpeni wa buledi pang'onopang'ono. Zinanditengera maola awiri. Sipanang'ambike paliponse. Linalidi phala, ndipo sichinali chinyezi, chifukwa zizindikiro za chala chimene chinapaka zikuonekabe.

M'menemo mulibe za mtsinje. Muli zolemba za dokotala wa asilikali, ndi chidindo. Chingerezi chake ndinachimva chonse kupatula mawu amodzi aatali. Ndinapita kwa ba Ruby, anesi oyandikana nafe aja, ndinaphimba dzina ndi dzanja kuti asaone, n'kuwafunsa. Anati mawuwo akutanthauza kudulidwa. Akuti msilikali ameneyu anavulala mu Novembala 1944, ndipo anamudula zala ziwiri za dzanja lamanja, cha mkombaphala ndi chapakati. Pansi pake analembanso kuti amanjenjemera ndi kugwa pansi akamva kuphulika, ndipo sangagwirenso mfuti.

Amalume, pabalaza pathu pali chithunzi cha agogo cha pa ukwati wanu, atagwira Baibulo ndi manja awiri pachifuwa. Ndinachitsitsa. Ndinachipukuta galasi. Ndinatuluka nacho panja pa dzuwa. Zala zonse khumi zilipo. Ndinawerenga kuyambira kumanja, ndinawerenganso kuyambira kumanzere. Inenso ndikukumbuka pang'ono dzanja limenelo likundisendera nzimbe, ngakhale ndinali wamng'ono kwambiri, mwina ndikungokumbuka zondiuza.

Ndinaganiza kuti kapena tsambali n'la munthu wina linangolowamo. Koma nambala ya pamwamba pake ndi yomweyo imene ndinakopera a Gwen, ndipo ulusi umene unasoka kabukuka ndi umodzi.

Chimene chandiopsa kwambiri ndi amayi. Ndinawawerengera ali kusankha nyemba. Nditafika pa zala, lichero linagwa, nyemba mbwee pansi. Anandifunsa kuti, "Dzanja liti?" Ndinati lamanja. "Zala ziti?" Ndinawauza. Anadzuka osatenga ndodo yawo, anapapasa khoma mpaka kuseri kwa nyumba, ku kachipinda kamene timasungamo makala. Anakhala pakhomo pake, pansi penipeni, ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Ndinawafunsa kuti kwagwanji, anangoti, "Ambuye wanga, tinachita chiyani ife." Mpaka lero sakudya bwino ndipo sakundiuza kanthu.

Ine sindikunena kuti agogo ananama, sindingayerekeze. Ndikungonena zimene zalembedwa ndi zimene zili pa chithunzi. Koma ngati n'kotheka, ba Isaac ayambe aima kusema mpaka timvetse. Pepani ngati ndalankhula mopitirira msinkhu wanga.

Ndine mwana wanu,
Pilira

Parklands, Kitwe
12 Okutobala 2023

Pilira,

Moni ndikupatsa chifukwa ndine Mkhristu.

Kalata yako ndaiwerenga ndipo ndadabwa kwambiri. Ndinakutuma kukopera nambala, sindinakutume kuimika bambo anga pabwalo la milandu. Munthu anagona m'manda zaka 24 zapitazo, lero kamwana kamene kanali kasanamere mano onse kakumuwerenga zala?

Makalaliki a azungu ankalakwitsa tsiku ndi tsiku. Kwa iwo munthu wakuda aliyense anali yemweyo. Dokotala analemba za wina m'buku la bambo, bambo ataona cholakwacho anamata. Nkhani yathera pomwepo. Ine ndi kalaliki, zoterezi ndikuzidziwa.

Komanso ndisakubisire, ndikuona dzanja la amayi ako pa zimenezi. Chiyambire pamene ndinanena kuti mbiri ndiwerenga ndine, Annet sanakondwe, akuti wamkulu ndi iye. Ngati ndi choncho anene poyera, asatume mwana.

Mwala watha kale kusemedwa. Makadi oitanira anthu apita ku Luanshya, ku Mufulira, mpaka ku Lilongwe. Ine ndine mkulu wa mpingo. Ukufuna ndikaime pamaso pa abusa ndi woliza lipenga n'kunena kuti chiyani?

Ndiye lamulo langa ndi ili. Kabukuko ukatsekere m'bokosi, kiyi upatse Caleb. Anesi akowo usawauzenso kanthu. Lachiwiri pa 7 Novembala ba Isaac abweretsa mwala kumanda, iwe ukawalozere manda a bambo, athire simenti tsiku lomwelo kuti iume pofika Loweruka.

Ndipo nkhani ya zalayi usaiphatikize ndi munthu wina aliyense, kaya amayi ako akuuze zotani. Zakale n'zakale.

H. J. Mtambalika

Bwana Mkubwa, Ndola
25 Okutobala 2023

Amalume, mawu ali m'munsiwa ndi a amayi. Ine ndangogwira cholembera. Andiletsa kukonza ngakhale amodzi. Pepani. Pilira.

Iwe Hector,

Moni, ngati ukufuna moni. Ukhoza kukhala mkulu wa mpingo ku Parklands, koma ine ndinakubereka kumsana uli ndi chipere m'mutu, ndiye khala pansi umve.

Mbiri yakoyo werenga wekha, ngakhale masamba handiredi, ine ndilibe nayo ntchito. Ndakhala chete masabata atatu chifukwa pakamwa panauma, osati chifukwa cha nsanje.

Wamuuza mwanayu kuti zala asaziphatikize ndi munthu wina aliyense. Munthu wake uti? Iye sanatchule munthu. Ndiye kuti nawenso nkhope yake yakubwerera, monga inandibwerera ine nyemba zili m'manja. Ukuopa kumutchula, ndimutchula ndine: a Spencer a kuseri.

Pilira sakuwadziwa, anamwalira 1975 iye asanalotedwe n'komwe, ndiye ndamufotokozera. Ndamuuza kuti kachipinda ka makala kaja munkagona munthu. Tinkauzidwa kuti ndi mbale wa kumudzi wozungulira mutu, bambo akungomusunga mwachifundo. Tinachoka naye ku komboni ya mgodi ku Kitwe, tinabwera naye kuno. Ankasesa pabwalo. Mgodi ukaphulitsa miyala masana ankadziponya mu ngalande, manja kumutu. Ana a m'dera lino ankamuimba kuti Zitatu, Zitatu. Dzanja lamanja, Hector. Cha mkombaphala ndi chapakati.

Tsono tandiyankha izi, iwe wophunzira.

Kwathu nkhuku ikaphedwa, nthutumba amadya ndani? Si mwini khomo, kapena wamkulu pa onse? Nanga unawaonapo bambo akudya nthutumba? Amayi ankaiika m'kambale kobiriwira, bambo ankavundukula kuona ngati ilimo, kenako ine ndinkapita nayo kuseri. Zaka zonsezo. Tsiku lina iwe unaiba n'kudya, bambo anakukwapula mpaka sunapite kusukulu. Sajeni wathunthu kupereka nthutumba kwa wamisala wosesa pabwalo? Munthu amatero kwa mkulu wake.

Novembala aliyense, m'mawa wa perete, mamendulo ankapukuta ndani? A Spencer, ndi phulusa ndi ndimu. Bambo ankavala jekete n'kupita kuseri, n'kuima njo, a Spencer n'kumawabaya mamendulowo pachifuwa ndi zala zawo zitatu, limodzilimodzi. Bambo ankayang'ana pansi. Ine ndinkayesa ndi ntchito ya wantchito.

Tsiku limene bambo ankatsirizika m'chipatala iwe unali usanafike. Amayi anawagwedeza phewa n'kukuwa kuti, "Spencer! Spencer, usandisiye!" Ine ndinauza anesi kuti mayi asokonezeka ndi chisoni. Sanasokonezeke. Anaitana mwamuna wawo ndi dzina la kwawo.

Nanga sukuona? Nkhondo itatha, mgodi unkalemba asilikali opuma kukhala apolisi ake, wongoonetsa kabuku ankalowa. Koma wa zala zitatu wogwa pansi akamva bomba akanamulemba ndani? Mkulu anapereka kabuku kwa mng'ono wake, dzina linapita ndi kabuku, iye anatsala ndi dzina la mng'ono wake ndi tsache. Nyumba ino, sukulu yako, ukalaliki wako, suti imene uvale pa 11, zonse zinatuluka m'zala ziwiri zimenezo. Bambo sindikuwaweruza. Anamusunga mpaka imfa, anamubzalira nkhadze pamanda ndi manja awo, madzi ndinasenza ndine. Koma ife tinkamupatsa madzi akumwa m'chitini chake chapadera.

Maso ndinali nawo pa nthawi imeneyo koma sindinkaona. Lero atha ndi pamene ndikuona.

Mwala wakowo sunaname, koma ukufuna kuugoneka pa munthu wolakwika. Ukauika pa bambo ine sindibwera, ndipo lipenga lako likamalira ndidzakhala pakhomo pa kachipinda ka makala. Kiyi wa bokosi ali m'chitenje mwanga, bwera udzamutenge wekha.

Mlongo wako,
Annet

Parklands, Kitwe
2 Novembala 2023

Achemwali anga a Annet, ndi iwe Pilira,

Ndikupereka moni. Foni ndainyamula katatu sabata ino, katatu konse ndaibwezera patebulo. Izi sindingazinene ndi pakamwa.

Lolemba Gwen anatumiza zimene wapeza m'mabuku a nkhondo ku Mangalande. Nambala ndi yomweyo. Dzina ndi lomwelo. Zala ziwiri za dzanja lamanja, Novembala 1944, pafupi ndi mtsinje wa Chindwin. Makalaliki awiri, wina ku Zomba wina kutsidya la nyanja, sangalakwitse mofanana. Pilira, unawerenga bwino. Ndinakulakwira.

Achemwali, pali zimene simukuzidziwa.

Ndili Giredi 6 aphunzitsi anatiuza kuti tilembe za nkhondo. Ndinafunsa bambo dzina la mtsinje umene anawoloka. Anangoti, "Dikira." Anatuluka, anazungulira kuseri. Atabwerako anati, "Chindwin. Lemba." Ndinafunsanso kuti bulu uja anali ndi dzina? Anatulukanso. Ine ndinkayesa akukataya madzi. Zaka 50 ndakhala ndikusimba nkhani zitatu zija pa maukwati ndi pa maliro, osadziwa kuti mwini wake anali kuseri kwa khoma.

China ndi ichi, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Khirisimasi ya 1974, ine ndi anzanga awiri tinagula makombola. Tinadikira masana a Spencer atalowa m'kachipinda kawo, tinayatsa atatu n'kuwaponya pansi pa chitseko. Tinaseka mpaka misozi powamva akukuwa m'chinenero chachilendo. Anakhala pansi pa bedi masiku awiri. Bambo atafunsa anachita ndani, a Spencer anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Sindinaone." Chichokere tsiku limenelo sanasesenso pabwalo. Mu Epulo anamwalira. Tsiku la maliro ine ndinathawira kumpira.

Ndiye manda awo sindiwadziwa n'komwe. Mkulu wa mpingo, sindidziwa pamene panagona munthu amene anandidyetsa.

Pilira, lamulo langa lija ndalifafaniza. Ba Isaac sindinawauze kanthu, sindikudziwa kuti ndiyambira pati. Lachiwiri akabwera ukawalozere pa nkhadze, amayi ako akusonyeza. Uwafunse ngati chaka chomaliza chingakonzeke. Bambo tidzawamangira chiliza chawo chaka chamawa, ndi dzina limene amayi anawaitanira.

Loweruka pa 11 ndibwera. Masamba asanu ndi limodzi aja ndawang'amba. Chimene ndidzanene pamaso pa anthu sindinachidziwe, koma mudzabweretse mamendulo, ndi kambale kobiriwira ngati kakadalipo.

Kalatayi ndikupatsira Caleb lero lomwe, ifika madzulo ano.

Mlongo wanu,
Hector

Bwana Mkubwa, Ndola
7 Novembala 2023

Okondedwa Amalume,

Pepani kuti ndikukuvutitsaninso. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi azakhali. Chiyambire kalata ya amayi sitinamve kanthu kuchokera kwa inu. Ba Caleb sanabwerereko chichokere Lachinayi, akuti atatsitsa katundu ku Kitwe anawatumiza ku Kasumbalesa ndipo lole yawo ili pa mzere wa pachipata cha malire a dziko mpaka lero. Ndiye sindikudziwa ngati munayankha kapena mwatikwiyira. Foni yanu ndinaimba kawiri, itangolira kamodzi ndinadula. Kalatayi ndapatsira ba Stephen a kutchalitchi kwathu amene akubwera ku Kitwe mawa m'mawa.

Amalume, ndaphwanya lamulo lanu. Ndikufuna mumve kwa ine musanamve kwa ena.

Lamlungu ndinapita ndi amayi kumanda. Anandiuza kuti kuchokera pa agogo tiyende chakumunsi, kudutsa mizere isanu ndi umodzi. Nkhadze ilipo, yakula kuposa ine. Mtumbira unatsala pang'ono kufafanizika, panali udzu ndi mabotolo. Ndinalambula ndi khasu. Amayi anagwira nthaka n'kunena kuti, "Bambo aakulu, ndine Annet wa kambale." Zina sindilemba.

Lero miyendo yawo yatupa, ndiye ndinapita ndekha. Ba Isaac anafika 9 koloko ndi amuna atatu, mwala uli pa lole, wokutidwa ndi bulangeti. Atavundukula ndinaona dzina. N'lokongola, amalume, anasema bwino. Anautsitsa n'kuyamba kuyeza pa manda a agogo, wina akusakaniza kale mchenga.

Ine ndinaima pambali. Ndinati ndingokhala chete monga munanenera. Koma nditaona akutsegula thumba la simenti, miyendo inapita yokha. Ndinakaima pakati pa mwala ndi manda.

Ba Isaac anati, "Ba sisi, tapatukani, mwalawu ukakugwerani tikumbanso dzenje lina."

Ndinati, "Si pano."

Anati, "Si pano bwanji? Pa thabwali palembedwa Jairus Mtambalika. Pa mwala Jairus Mtambalika. Kapena ine sindidziwa kuwerenga?"

Ndinati, "Mumadziwa, koma si pano. Ndi apo pa nkhadze."

Mmodzi wa amuna aja anaseka nati, "Awe, ba Isaac, maliro a kuno amasamuka ngati a lendi." Onse anaseka. Ine sindinaseke ndipo sindinasunthe. Ba Isaac anati akuimbirani foni, anaimba, sinayankhidwe. Anandifunsa kuti ndine ndani pa banjali kuti ndisinthe mawu a bwana. Ndinati sindine aliyense, ndine amene ndinawerenga kabuku. Ndinakatulutsa m'chikwama, ndinawaonetsa tsamba lija, n'kuwauza zonse. Sindinalankhulepo nthawi yaitali choncho kwa anthu achilendo chibadwire.

Atamva anasiya kuseka. Ba Isaac anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kunena kuti agogo awo nawonso anapita ku nkhondo yomweyo ndipo sanabwereko. Kenako anauza anzawo kuti, "Nyamulani." Anaunyamula anayi, kudutsa mizere isanu ndi umodzi ija, ine ndili patsogolo.

Ndiye mwala uli pa nkhadze, amalume. Waima pa njerwa, simenti sanathire. Ba Isaac akuti manambala awiri omaliza a 1999 angathe kuwapala n'kusema 75, padzangotsala kachigwa kakang'ono kooneka ukayandikira. Koma akuti sagwira chitsulo kapena simenti popanda mawu anu. Abweranso Lachinayi 10 koloko. Mukadzati ubwerere, adzaubweza, ndipo ine ndidzapepesa pamaso pa abusa ndi pamaso pa aliyense amene mungafune. Koma kuwalozera ndekha pa manda a agogo, zimenezo zokha sindingathe. Ndayesa, dzanja likukana.

Pochoka ndinabwerera kwa agogo kukawapepesa kuti mwala wawadutsa. Nditagwada ndinasowa dzina lowaitanira. Ndinangoti agogo.

Mamendulo ndawapukuta ndi phulusa ndi ndimu monga amayi anandiuzira. Ali patebulo, sindikudziwa kuti Loweruka tidzawaika pati.

Chonde amalume, yankhani msanga, Lachinayi lisanafike. Ngakhale mawu amodzi okha pa kapepala, ba Stephen adikira pageti.

Ndine mwana wanu,
Pilira